KUSANJA MAPULOGALAMU M'MAGULU: CITSANZO CA DEBIAN

Nkhani yathu ya lero ikhudza nchito imene anthu ambiri saiona ngakhale kuti amadya zipatso zake tsiku ndi tsiku. Nchito yake ndiyo kusanja mapulogalamu a kompyuta m'magulu, kuti munthu wofuna pulogalamu aipeze msanga, ndiponso adziwe cimene akulowetsa m'makina ake. Tidzatenga citsanzo ca Debian, dongosolo loyendetsa kompyuta limene munthu ali yense ali ndi ufulu wolitenga, kuligwiritsa nchito, kulisintha ndi kuligawira anzake. Debian anaiyamba ndi Ian Murdock, wa ku America, mu Ogasiti 1993, ndipo kufikira lero imasamalidwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri.

Tiyambe ndi mau akuti phukusi, pakuti tidzawachula kawirikawiri. Pulogalamu sifika kwa inu yokhayokha ai. Imabwera yomangidwa pamodzi ndi zonse zoyenera kuyenda nayo: mafailo ake, malangizo a malo amene failo iri yonse iyenera kukhala, ndi kalata yaifupi yofotokoza dzina lake, nchito yake, munthu woisamalira, ndi mapulogalamu ena amene iyo imadalira. Mtolo wonsewu ndiwo phukusi. Maphukusi amasungidwa m'nkhokwe yaikulu ya pa intaneti, ndipo pulogalamu yochedwa apt ndiyo imakatapa m'nkhokwemo m'malo mwanu.

Tsono taonani kukula kwa nkhokweyi. Debian 1.1, imene inaturuka mu Juni 1996, inali ndi maphukusi 474. Munthu wakhama akanatha kuwerenga maina onsewo madzulo amodzi. Koma Debian 12 ya mu Juni 2023 inali ndi maphukusi oposa 64,000, ndipo Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 inapitirira 69,000. Mutati muziwerenga dzina limodzi pa sekondi iri yonse osapumula, mungathe maola oposa 19 musanafike kumapeto. Katundu woculuka cotere akangounjikidwa malo amodzi, ndiye kuti watayika ngakhale kuti palibe wamuba. Ganizani za msika waukulu umene ogulitsa nsomba, nsaru, makasu ndi mankhwala akhala mosakanizika, popanda mizere. Zonse zilipo, koma wogula amabwerera kwao cimanjamanja.

Pofuna kupewa cisokonezo cotere, a Debian amafunsa phukusi liri lonse mafunso atatu. Kodi ndi laufulu? Kodi limagwira nchito yanji? Kodi ndi lofunika motani kuti kompyuta iyende? Mafunsowa ndi osiyana, ndipo cimene ndikufuna kuti mugwire lero n'cakuti sayenera kusokonezedwa. Tiyeni tiwaone limodzi limodzi.

FUNSO LOYAMBA: UFULU

Mu 1997 a Debian analemba pangano lao ndi anthu, pamodzi ndi malamulo oyesera ngati pulogalamu iri yaufulu. Amene anatsogolera kulemba kwake ndi Bruce Perens. Mwacidule, malamulowo amati pulogalamu iloledwe kugawidwa kwa ali yense, mau amene inalembedwera aonekere poyera, munthu aloledwe kuisintha ndi kugawa zimene wasinthazo, ndipo pasakhale tsankho pa munthu kapena pa nchito imene akufuna kuigwiritsira. Phukusi lokwaniritsa zonsezi, losadaliranso cinthu cakunja, limalowa m'cigawo cochedwa main. Cigawo cimeneci cokha ndico Debian yeniyeni.

Pambali pake pali zigawo zina zimene a Debian amasunga pofuna kuthandiza anthu, koma amanena poyera kuti si mbali ya dongosolo lao. M'cigawo ca non-free mumakhala maphukusi amene eni ake anaikapo ziletso. M'cigawo ca contrib mumakhala maphukusi amene pa iwo okha ndi aufulu, koma sangagwire nchito popanda cinthu cina cimene si caufulu. Tingawayerekeze ndi mpini wa khasu umene mwapatsidwa kwaulere, pamene khasu lake liri ndi mwini wake amene ali ndi malamulo ake.

Mwina mukuti kusiyanitsa kotere ndi mkangano wa anthu ophunzira okha. Imvani tsono cimene cinacitika pa nkhani ya firmware. Mau amenewa amanena timapulogalamu tating'ono timene ziwiya zina za m'kompyuta zimafuna kuti zidzuke, makamaka kaciwiya kolumikiza kompyuta ku intaneti popanda waya. Tambiri mwa timapulogalamuti makampani opanga ziwiya amatipereka osaulula m'mene tinalembedwera, motero tinali kuikidwa m'cigawo ca non-free, ndipo cimbale covomerezeka coikira Debian sicinali kutinyamula. Zotsatira zake zinali zowawa. Munthu ankaika Debian pa laputopu yake, n'kupeza kuti singalumikizike ku intaneti. Ndipo cinthu cimene cikanaiciritsa cinali pa intaneti pomwepo. Mu 2022 mamembala a Debian anaponya voti, nagwirizana kuti cimbale covomerezeka cizinyamula timapulogalamuti. Kuyambira ndi Debian 12 pali cigawo cacinai cochedwa non-free-firmware. Ubwino wake ndi wakuti munthu angatsegule khomo la cigawo cimeneci cokha, kuti makina ake ayende, osatsegula khomo la non-free yense. Apa mukuona kuti mzere umodzi wolembedwa m'malo oyenera unapulumutsa anthu ambiri ku bvuto limene linawasautsa zaka zambiri.

Cenjezo limodzi pano. Ubuntu, imene inayamba mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inaphuka pa tsinde la Debian, ndipo dzina lake ndi mau a Cizulu ndi Cixhosa ofanana ndi athu akuti umunthu. Nayonso iri ndi zigawo zinai: main, restricted, universe ndi multiverse. Koma iyo imafunsa mafunso awiri pamodzi, lakuti kodi phukusi ndi laufulu, ndi lakuti kodi kampani ya Canonical yalonjeza kulisamalira. Cotero phukusi laufulu ndithu, limene ku Debian liri mu main, ku Ubuntu lingapezeke mu universe cifukwa osamalira ake ndi anthu odzipereka, osati kampani. Dzina ndi limodzi, koma tanthauzo ndi losiyana. Mukasamuka kucoka ku dongosolo lina kupita ku linzake, funsani kaye tanthauzo la maina.

FUNSO LACIWIRI: NCHITO

Apa ndi pamene pali mnofu wa nkhani yathu. Phukusi liri lonse la Debian limapatsidwa gulu limodzi losonyeza nchito yake kapena mtundu wake, ndipo magulu amenewa ndi oposa 50. Ena maina ao ndi osabvuta. Mu games muli masewera, mu sound muli zoimbira ndi zojambulira mau, mu graphics muli zokonzera zithunzi monga GIMP, mu video muli zoonetsera kanema monga VLC, mu mail muli zotumizira makalata monga Thunderbird, ndipo mu web muli zoyendera pa intaneti monga Firefox. Liliponso gulu la hamradio, la anthu okonda kulankhulana pa mawailesi ao ang'onoang'ono.

Koma mukayang'anitsitsa mndandanda wa maguluwo mudzaona kuti sanadulidwe ndi mpeni umodzi. Ena anadulidwa potsata nchito, monga sound ndi mail. Ena anadulidwa potsata cinenero cimene olemba mapulogalamu amagwiritsa nchito, monga python, perl, java ndi ruby. Ena anadulidwa potsata banja la maonekedwe a pa kompyuta, monga gnome, kde ndi xfce. Enanso anadulidwa potsata cikhalidwe ca phukusi: mu doc muli mabuku a malangizo, mu fonts muli mitundu ya zilembo, ndipo mu libs muli zidutswa zimene inu simudzazitsegula konse, koma mapulogalamu ena amabwerekako nzeru. Ziri ngati mphunzitsi wagawa ana a m'kalasi kuti ena akhale uku cifukwa ndi atali, ena uko cifukwa amacokera kutsidya kwa mtsinje, ena apo cifukwa amadziwa masamu. Nanga mwana wamtali wa kutsidya kwa mtsinje wodziwa masamu akakhale kuti?

Funso limeneli si longopeka. Tux Paint ndi pulogalamu yophunzitsa ana kujambula zithunzi mosewera. Ingayenere gulu la maphunziro, ingayenere la masewera, ingayenerenso la zithunzi. A Debian anaiika mu graphics. Sanalakwe, koma mphunzitsi wofunafuna m'gulu la education yekha sadzaipeza. Cimodzimodzinso LibreOffice Calc, pulogalamu yowerengetsera ndalama ndi manambala m'mizere: iyo iri mu editors, pamodzi ndi mapulogalamu olembera mau, pamene ambiri a ife tikanayamba kuifunafuna ku masamu. Maina ena anakalamba pamalo. Gulu la news silinena za nyuzipepala kapena nkhani za pa wailesi ai. Linapangidwira mapulogalamu a Usenet, njira yakale imene anthu ankakambirana nayo pa makompyuta. Ndipo pali magulu awiri, misc ndi utils, amene ali ngati dengu la kuseri kwa citseko m'mene timaponya ciri conse cosowa malo.

Nanga amene amagamula ndani? Wosamalira phukusi ndiye amayamba, polemba m'kalata ya phukusi lake gulu limene akuliona loyenera. Koma mau omaliza ali ndi osunga nkhokwe, amene ali ndi kaundula wao wa maphukusi onse. Zikasiyana, za m'kaundula ndizo zimaoneka kwa inu. Cifukwa cake n'comveka. Wosamalira amadziwa phukusi lake bwino kuposa wina ali yense, koma osunga nkhokwe ndiwo amaona nkhokwe yonse. Osamalira mazanamazana atati ali yense azipanga gulu lake monga afunira, magulu angaculuke ngati maphukusi amene, ndipo phindu la kusanja lingathe. Woona kuti phukusi laikidwa molakwika amalemba dandaulo poyera, ndipo nkhani imakambidwa pamaso pa onse.

Magulu atsopano amabadwa ndithu, koma mosathamanga. Kawirikawiri gulu limabadwa pamene lakale lafufuma mopitirira. Mu 2009 osunga nkhokwe anaonjeza magulu ambiri nthawi imodzi, ena mwa iwo ndi database, fonts, java, kernel, php, ruby ndi video. Zisanatero, mapulogalamu a kanema anali kubisala pakati pa a zithunzi ndi ena. Muyeso wake ndi wosabvuta kuumva: gulu la maphukusi atatu siliyenera dzina lakelake, ndipo gulu la maphukusi zikwi zambiri silithandiza wofunafuna.

FUNSO LACITATU: KUFUNIKA

Funso lacitatu silisamala kuti phukusi limagwira nchito yanji, koma kuti kompyuta ingakhale bwanji popanda ilo. Pali masitepe anai. Pamwamba pali required, maphukusi amene mukawacotsa dongosolo lingaonongeke kotero kuti ngakhale cida cokonzera sicingagwirenso nchito. Awa ndiwo mizati ya nyumba. Pansi pake pali important, zida zimene munthu wozolowera makina a mtundu wa Unix amayembekeza kuzipeza pali ponse. Kenaka pali standard, zokwanira kupanga dongosolo laling'ono logwira nchito ndi malemba okha, popanda zithunzi. Otsala onse, amene ndiwo unyinji waukulu, ali mu optional, kutanthauza kuti mwini makina asankhe yekha. Kale panali sitepe yacisanu yochedwa extra, koma mu 2017 malamulo a Debian anailetsa, popeza malire ake ndi optional anali osaoneka bwino ndipo anali kungobala mikangano. Phunziro lake ndi lakuti kusanja kwabwino kumadziwanso kucotsa gulu limene latha nchito.

Musadabwe tsono mukaona kuti pulogalamu imene inu mumaikonda koposa, imene mumapezera cakudya ca ana anu, yalembedwa kuti optional. Sikuti aicepsa. Angonena kuti kompyuta ingadzuke popanda iyo.

BUKU LA PA SHELEFU NDI PHUKUSI LA M'NKHOKWE

Bvuto la mwana wamtali uja si lacilendo. Osunga mabuku analimbana nalo kale makompyuta asanabwere. Mu 1876 Melvil Dewey wa ku America anagawa nzeru zonse m'magulu akulu 10, gulu liri lonse n'kuligawanso, kuti buku liri lonse likhale ndi nambala imodzi ndi malo amodzi. Njirayi ikali kugwira nchito m'malaibulale ambiri. Iri ndi cifukwa cake comveka: buku ndi cinthu cogwirika, silingaime pa mashelefu awiri nthawi imodzi. Koma mu 1933 S. R. Ranganathan, katswiri wa masamu ndi wosunga mabuku wa ku India, anaturutsa njira yina. Iye anati buku lifotokozedwe kucokera ku mbali zingapo, monga cinthu cimene likunena, cimene cikucitika, malo ndi nthawi, ndipo mbalizo ziphatikizidwe.

Poyamba Debian inali ngati laibulale ya Dewey. Gulu liri lonse linali cipinda ceniceni m'nkhokwe, ndipo kusintha gulu la phukusi kunali kusamutsa failo yake. Ca kumapeto kwa caka ca 2000 nkhokwe inakonzedwanso, kuti failo imodzi izitumikira mitundu ingapo ya Debian popanda kuisuntha. Kuyambira pamenepo mafailo amasungidwa potsata cilembo coyamba ca dzina, ndipo gulu linasanduka mau olembedwa pa phukusi, osati malo okhala. Tsono ngati gulu ndi mau cabe, coletsa n'ciani kulemba mau angapo pa phukusi limodzi?

Ganizo limeneli ndilo linabala Debtags, nchito imene Enrico Zini wa ku Italy ndi anzake anaiyamba m'zaka zoyambirira pambuyo pa 2000, potsata nzeru za Ranganathan. M'malo mwa gulu limodzi, phukusi linali kupatsidwa zizindikiro zambiri, ciri conse coyankha funso lake: ndi pulogalamu kapena ndi buku la malangizo, limagwira nchito yanji, limagwira pa zinthu zotani, linalembedwa m'cinenero canji, limaoneka ndi zithunzi kapena ndi malemba okha. Mwa njira iyi munthu angapemphe pulogalamu yokonzera zithunzi, yooneka ndi mazenera, ndipo mayankho onse amafika pamodzi mosasamala gulu. Koma njirayi iri ndi mtengo wake. Kulemba mau amodzi pa phukusi ndi nchito ya mphindi. Kulemba zizindikiro khumi pa maphukusi zikwi makumi asanu ndi limodzi, ndi kuzikonzanso pamene mapulogalamu akusintha, kumafuna manja ambiri osatopa. Mutu umodzi susenza denga. Ndico cifukwa cake magulu akale aja sanacotsedwe: ndi osakwanira, koma ndi opepuka kuwasamalira, ndipo phukusi liri lonse liri nalo gulu lake.

Ena anapeza njira yapakati. Ku FreeBSD pulogalamu iri yonse ya m'nkhokwe yao imakhala ndi gulu loyamba, limene ndilo malo ake enieni, koma imaloledwa kulembedwanso m'magulu ena. A Debian nawonso anaonjeza njira yina yosayang'ana phukusi koma munthu. Anasonkhanitsa maphukusi ocokera m'magulu osiyanasiyana potsata nchito ya wowafuna: Debian Edu ya masukulu, Debian Med ya zacipatala, Debian Science ya asayansi. Pamenepo mphunzitsi uja safunikanso kudziwa kuti Tux Paint inagonekedwa m'gulu liti.

Dziwaninso kuti magulu amene mumaona pa kompyuta mukatsegula mndandanda wa mapulogalamu, monga a ofesi, a maphunziro ndi a masewera, si magulu a nkhokwe ai. Amenewo amatsata pangano lina la freedesktop.org, limene madongosolo ambiri a Linux anagwirizana, ndipo pamenepo LibreOffice Calc mudzaipeza pa za ofesi, monga munayembekezera.

ZIMENE MUNGACITE

Tsono inu amene mwapatsidwa udindo wosamalira makompyuta a sukulu, a cipatala kapena a kabungwe kanu, mutengepo ciani? Coyamba, musanaike phukusi, liwerengeni. Mukalemba apt show ndi dzina la phukusi, kompyuta idzakuonetsani gulu lake, kufunika kwake, kukula kwake ndi maphukusi amene limadalira. Kumene intaneti ndi yodula, mphindi imodzi yowerenga ingakupulumutsireni ndalama zambiri. Mukaona kuti dzina la gulu layamba ndi mau akuti contrib kapena non-free, imani kaye mufunse ziletso zake, makamaka ngati mukufuna kukopera anzanu. Safunsa anadya phula.

Caciwiri, musakhulupirire gulu lokha pofunafuna. Gwiritsani nchito apt search, imene imayang'ana m'maina ndi m'mafotokozedwe a maphukusi onse, ndipo yesani mau awiri kapena atatu osiyana. Cacitatu, pofuna kupeza malo m'makina odzaza, musakhudze phukusi lolembedwa kuti required, ngakhale dzina lake likhale lacilendo motani. Cacinai, mukaona phukusi losocera, musangodandaula cammimba. Khomo la madandaulo a Debian ndi lotsegukira munthu ali yense, ndipo kuculuka kwa maso ndiko kumasunga nkhokweyi.

Ndipo inu amene tsiku lina mudzasanja zinthu zanu, kaya ndi mapulogalamu, mabuku a sukulu kapena mafailo a mu ofesi, kumbukirani zimene anzathuwa anaphunzira m'zaka zoposa 30. Funsani funso limodzi pa nthawi imodzi, ndipo yankho liri lonse likhale ndi mzere wake. Sankhani maina amene wofunafuna angawaganize, osati amene akukomera inu wosunga. Pakhale munthu kapena kagulu kokhala ndi mau omaliza, koma kogamula poyera. Dengu la zosowa malo liziunikidwa nthawi ndi nthawi, pakuti likafufuma ndiye kuti gulu latsopano likufuna kubadwa. Ndipo musasankhe njira imene ikufuna manja oposa amene muli nawo.

Kwa lero tilekeze pomwepa.